Filimu Imene Acinyamata a ku Russia Anaikonda Koposa mu 1981

Anzanga acinyamata, kodi munamvapo za filimu imene oonerera okha ndiwo anaisankha kuti yaposa zonse? Izi zinacitika m'dziko la Soviet Union mu 1981, pamene oŵerenga magazini ya Sovetsky Ekran anavotera filimu ya cikondi yochedwa Vam i ne snilos. Dzinali litanthauza kuti simunazilotepo n'komwe. Anaikonza ndi Ilya Frez, kucokera m'buku la mayi Galina Shcherbakova limene linayamba kutuluka m'magazini ya Yunost mu 1979.

Nkhani yake ndi iyi. Roman ndi Katya, ana a sukulu a mu Moscow, akondana. Amai a Roman sakondwa, cifukwa amuna ao anakondapo amai a Katya kale. Tsono apangana ndi agogo a Roman a ku Leningrad, mzinda umene lero ndi St Petersburg, kuti anamizire kudwala. Mnyamata apita kukawasamala, ndipo makalata a Katya amabisidwa. Atazindikira bodzalo, Roman aona Katya ali pabwalo, ayesa kumuitana, naterereka pa windo. Mwamwai agwera pa mulu wa cipale, napulumuka.

N'cifukwa ninji anthu mamiliyoni anathamangira kukaiona? Ine ndiganiza kuti acinyamata anadziona okha m'menemo. Filimuyi siiseka cikondi ca ana a sukulu ngati maseŵera. Tatyana Aksyuta, amene anali ndi zaka 23 poseŵera Katya, aonetsa manyazi ndi kulimba mtima kwa mtsikana mwa njira yogwira mtima. Nyimbo yake, imene Alexei Rybnikov anaipeka pa mau a mlakatuli wa ku India Rabindranath Tagore, ikali kuimbidwa ku Russia mpaka lero.

Koma kukondedwa ndi anthu ambiri sikutanthauza kuti filimu ilibe colakwa. Oonerera amakokedwa kuima ku mbali ya ana basi. Nanga mantha a amai a Roman, oti mwana wao angasiye maphunziro, anali opanda pake? Iai. Filimu iwapatsa mpata wocepa, ndipo itha pa cipale paja osatiuza kuti aŵiriwa adzakhala bwanji mawa.

Mphamvu yake yeniyeni ili pa bodza. Akulu aja sanakhale pansi ndi mwana wao kuti akambirane. Anasankha cinyengo, ndipo Roman anatsala pang'ono kufa, atataya kale cikhulupiriro mwa amai ake ndi agogo ake. Apa filimu inena zoona zimene kholo ndi mwana yemwe ayenera kumva.

Mukakumana m'gulu lanu, kambiranani funso ili: mukanakhala amai a Roman, mukanacita ciani m'malo monama? Ndipo Roman akanatani kuti makolo ake amumvere?