Buku la munthu amene anamanidwa madzi

Ku India kuli anthu amene kale anali kuchedwa "osakhudzidwa". Munthu anali kubadwa wotero, monga atate ake ndi agogo ake. Sanali kutunga pa citsime ca onse. Sanali kulowa m'kacisi. Bhimrao Ambedkar anabadwa pakati pa anthu amenewa m'caka ca 1891. Kusukulu anali kukhala payekha, pa thumba lobwera nalo kucokera kwao. Akamva ludzu, anali kudikira wanchito wa pasukulu kuti amthirire madzi ali patali. Tsiku limene wanchitoyo sanabwere, mwanayo anali kuweruka osamwa.

Mwana ameneyu anaphunzira mpaka ku New York ndi ku London. Ndiye anatsogolera kabungwe kolemba malamulo aakulu a dziko la India, amene anayamba kugwira nchito mu 1950. Pa 14 Okutobala 1956, mumzinda wa Nagpur, anasiya cipembedzo ca Cihindu nalowa ca Buddha, pamodzi ndi anthu zikwi mazana angapo. Anamwalira pa 6 Disembala caka comweco. Buku lake, The Buddha and His Dhamma, linatuluka mu 1957. Tiyeni tilipime buku limeneli.

Ambedkar sanalandire ciphunzitso ca Buddha monga anacipezera. Anaciika m'licero napeta. Nkhani yakale imati Buddha anali mwana wa mfumu, dzina lake Siddhartha, wokulira mumpanda wosaona mabvuto. Tsiku lina anatuluka naona nkhalamba, wodwala ndi mtembo. Mtima unamupweteka, ndipo anasiya zonse ali ndi zaka 29. Ambedkar aikana nkhani imeneyi. Munthu wa msinkhu wotere angakhale bwanji asanaonepo maliro? Inu abambo ndi amai, amene munayamba kuona manda muli ana, mudziwa kuti funsoli nlolemera.

M'malo mwake bukuli lisimba za madzi. Anthu a mtundu wa Sakya ndi a Koliya anakangana cifukwa ca mtsinje wa Rohini, umene onse anali kuthirira nawo minda. A Sakya anagwirizana za nkhondo. Siddhartha anakana kunyamula zida, ndipo anasankha kucoka m'dziko kuti abale ake asalandidwe minda. N'cifukwa ninji mlembi anakonda nkhani ya madzi? Iye yemwe mu 1927 anatsogolera anthu ake ku Mahad, kukamwa pa dziwe limene anali kuwaletsa.

Pamene bukuli lili ndi mphamvu ndi pa nkhani ya karma. Anthu ake anali kuuzidwa kuti umphawi wao ndi malipiro a zoipa zimene anacita m'moyo wina, asanabadwe. Ambedkar ataya cimeneci. Kwa iye mwana sabadwa ndi mlandu. Amene akuletsa madzi ndi munthu mnzako, ndipo cimene munthu anamanga munthu akhoza kumasula. Apa ndibvomerezana naye ndi mtima wonse.

Koma pali colakwa, ndipo sitingacibise. Nkhani ya Rohini ilimodi m'mabuku akale. Kumeneko mkanganowo unabuka Buddha ali kale mphunzitsi, ndipo iye anapita kukaletsa nkhondo. Ambedkar anaizula naibzala patsogolo, potsata mlembi wina, Dharmanand Kosambi. Munthu ali ndi ufulu wopeta cikhulupiriro cake. Ndani angamuuze wolumidwa ndi njoka mmene ayenera kuyendera m'chire? Cimene cindibvuta n'cakuti buku la 1957 silinaonetse pamene athera mau akale ndi pamene ayambira maganizo a mlembi. Zonse zilembedwa ndi liu limodzi. Ambiri mwa anthu a ku Nagpur aja sanali kudziwa kuwerenga. Anali kumva ena akuwawerengera. Akanasiyanitsa bwanji? Ine ndikalemba pa bolodi mau a wophunzira, ndimachula mwini wake, kuti mawa wina asati ndi anga.

Cina ndi ici. Si cisoni ciriconse cimene cicokera kwa wopondereza. Mai amene waika mwana wake sangatonthozedwe ndi lamulo labwino lokha. Nkhani yakale ya nkhalamba, wodwala ndi mtembo ilankhula ndi mai ameneyo. Ine ndiona kuti popeta muja, maso ena a cimanga anagwa pamodzi ndi gaga.

Tisaiwale kuti mlembi analemba ali wodwala, maso akufooka, ndipo anamwalira buku lisanasindikizidwe. Mu 2011 ophunzira awiri anatulutsanso bukuli, ataonjezamo zizindikiro zoonetsa kumene nkhani zake zinacokera. Kalembera wa caka comweco anapeza anthu otsata Buddha oposa 8 miliyoni mu India. Ambiri a iwo ali m'cigawo ca Maharashtra, kumene kuli Nagpur, ndipo caka ndi caka amasonkhana pa bwalo lija la 1956.