Ulemu kwa amisiri oyerekeza zilembo za chibadwa

Amalawi okhala ku Jeppestown, ku Johannesburg, sanaiwale Novembala 2021, pamene Britain ndi America anatsekera zipata apaulendo ochokera ku South Africa ndi ku Malawi chifukwa cha Omicron, mtundu watsopano wa kachirombo ka korona. Koma luso limene linatulukira kachiromboka ndi loyenera kuliombera m'manja.

Chibadwa cha kachirombo ka korona chili ndi zilembo pafupifupi 30,000, pomwe cha munthu chili ndi zoposa 3 biliyoni. Akatswiri a ku NICD, ku Sandringham mumzinda womwewu wa Johannesburg, pamodzi ndi anzawo a ku KRISP ku Durban, anayala zilembo zatsopano pambali pa zakale n'kufufuza pomwe zasiyana. Paminga ya kachiromboka pokha anapeza malo oposa 30 atasintha, ndipo pa 24 Novembala dziko la South Africa linadziwitsa bungwe la WHO.

Kuyerekeza kotere kumadya nthawi. Njira ya Smith ndi Waterman ya 1981 siphonya koma imachedwa. BLAST ya 1990 imathamanga chifukwa imadumpha zina. Apa m'pomwe amisiri a FPGA amandigometsa. FPGA ndi kachipangizo kamene njira zake zam'kati zimalumikizidwa mwatsopano malinga ndi ntchito. Mmisiri amakonza tizigawo mazanamazana kuti tiziyerekeza zilembo nthawi imodzi, monga anthu olima pa dima. Makina a DRAGEN, omwe amadalira FPGA, amasanthula chibadwa chonse cha munthu ola lisanakwane.

Achinyamata athu okonda masamu ndi makompyuta, phunzirani luso limeneli, chifukwa limapulumutsa miyoyo.