Kudekha kwa Amazon: Kodi Nkwa Yani?

Masiku ano anyamata ophunzira za malonda amachula dzina la Jeff Bezos monga citsanzo ca munthu wodekha. Tiyenera kuiyesa bwino mbiri imeneyi, pakuti cinthu cotamandidwa ndi onse ndico cifunika muyeso woposa.

M'caka ca 1994 Bezos anasiya nchito yace ku New York, napita ku Seattle. Ndipo mu July 1995 anatsegula sitolo ya mabuku pa intaneti, dzina lace Amazon. Nzeru yace yoyamba inali yoona. Mabuku ndi ocuruka kotero kuti palibe nyumba ingathe kuwasunga onse. Koma iye anaonetsa ogula maina a mabuku oposa miliyoni imodzi, pamene m'nkhokwe mwace munali owerengeka. Munthu akaitanitsa buku, pamenepo Amazon inaligula kwa opikulitsa akuru monga Ingram, nilitumiza kwao kwa woitanitsayo. Wogula analipira msanga, Amazon nilipira opikulitsa pambuyo pace. Pa ici sitipeza cifukwa.

Malonda anakula modabwitsa: madola 15.7 miliyoni mu 1996, ndi pafupi 148 miliyoni mu 1997. Mu May caka comweco Amazon inayamba kugulitsa magawo ace kwa anthu, gawo limodzi madola 18. M'kalata yace ya 1997 kwa eni magawo Bezos ananena poyera kuti adzasamala za kukula ndi kutsogolera msika koposa phindu la msanga. Anacitadi comweco. Mu 2000 mokha Amazon inataya madola 1.4 biliyoni, poyamba pa 2001 inacotsa anchito 1,300, ndipo phindu loyamba, la madola 5 miliyoni, linaoneka m'miyezi itatu yotsiriza ya 2001.

Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Tibvomera. Koma tifunse, anadekha ndi cuma ca yani? Zaka zonsezo Amazon inatsitsa mitengo nimanga nkhokwe ndi ndalama za eni magawo ndi za ngongole. Mwini sitolo yaing'ono ya m'mbali mwa mseu, wodyetsa ana ace ndi phindu la mwezi uli wonse, sakanatha kutaya ngakhale caka cimodzi. Ndiponso bwalo lalikuru la milandu la America linaweruza mu 1992 kuti wamalonda sakakamizidwa kusonkhetsa msonkho wa malonda m'cigawo cimene alibemo nyumba. Cotero kwa zaka zambiri buku la ku Amazon linafika kwa ogula ambiri lopanda msonkho umene mnzace wa pamseu anasonkhetsa. Ciweruzoco cinasinthidwa mu 2018. Angakhale akuru anagwa: a Borders, eni masitolo mazana a mabuku, anapereka malonda ao a pa intaneti m'manja mwa Amazon mu 2001, ndipo mu 2011 anatseka makomo ao onse.

Tsono, owerenga athu, tisiyanitse zinthu ziwirizi. Kupezera munthu buku limene analifuna osaliona kwina, ndi kumfikitsira pa nthawi yace, ndiyo nchito yabwino, ndipo yense angathe kuiphunzira. Koma kugulitsa motaya kufikira anansi ako atatopa si kudekha kokha ai. Ndi mphamvu ya thumba lalitali. Mnyamata woyamba malonda ndi ndalama zace zocepa atenge phunziro loyambalo. Akatsata laciwiri adzatseka sitolo nkhono isanaturutse maso.