Mkango wa ku Narnia m'Maso mwa Ana a ku Chipulukusu

Kanema wa The Lion, the Witch and the Wardrobe (2005), wochokera m'buku la C.S. Lewis la 1950, ambiri amamutenga ngati fanizo la mtanda: mkango Aslan ufera Edmund pa gome lamwala, nuuka m'bandakucha. Sititsutsa zimenezi. Komabe mwana wa ku Chipulukusu ku Ndola amadza ku kanemayu ali ndi mkango wakewake, uja wa m'nthano, mfumu yaukali imene Kalulu amaipusitsa kawirikawiri. Pouona utamangidwa zingwe ndi kumetedwa manyenje, angauyese wopusitsidwanso. Choncho tikuona kuti Chikhristu cha kanemayu chagona pa mfundo yakuti Aslan anadzipereka akudziwa. Mphunzitsi akailumpha mfundoyi, anawo adzaiombera m'manja mfiti ija, poiyesa Kalulu.