Luso la Cherry Hill lili pomwe diso silifika

Injini ikachepetsedwa ka 16, sikuti imangofupika basi. M'litali, m'lifupi ndi msinkhu zonse zimatsikira pamodzi, moti kulemera kwake kumachepa ka 4,096. Chimakina chimene chinkagwedeza nthaka chikamadutsa chimasanduka kanthu konyamula m'manja awiri. Bawuti yonenepa inchi imodzi imatsala mamilimita 1.6, ndipo ya theka la inchi siyikwana n'komwe milimita imodzi. Komatu kabawuti kameneka kayenera kukhala ndi mutu wa ngodya zake zonse, mazinga ake, ndi kanati kolowa bwinobwino popanda kukakamiza. Umu ndi mmene Mayi Cherry Hill a ku England ankagwirira ntchito kwa zaka pafupifupi 60, ndipo tinthu totereti ankatipanga okha m'malo mokagula.

Mayiwa anabadwa mu 1931 m'chigawo cha Worcestershire ndipo anamwalira mu 2024. Bambo awo, a George Hinds, anali m'ntchito yopanga makina aulimi, ndipo mwanayu anakulira pakati pa zitsulo ndi zipangizo. Naye anadzakhala wojambula mapulani a makina aulimi. Mainjini aang'ono anali ntchito ya panthawi yopuma, ngati n'koyenera kutchula maola pafupifupi 7,000 pa injini imodzi kuti kupuma. Munthu wogwira maola 40 pa sabata angafunike zaka zitatu ndi miyezi ingapo kuti akwanitse maola amenewo. N'chifukwa chake moyo wawo wonse anapanga mainjini osapitirira 20. Owerengera luso ndi kuchuluka kwa katundu angaone ngati n'zochepa.

Ku Britain chizolowezi chimenechi n'chakale. Magazini ya Model Engineer inayamba kutuluka mu 1898 pansi pa Percival Marshall, ndipo kampani ya Stuart Turner ya ku Henley-on-Thames inatchuka pogulitsa zitsulo zoumbidwa kale, zoti munthu akasemere yekha kunyumba n'kulumikiza kainjini ka nthunzi. Ambiri amayambira pamenepo, ndipo Mayi Hill nawonso anadzera njira yomweyo. Kumene anapatukira anzawo ndi pa kusankha choti apange. Anasiya mainjini otchuka amene mapulani ake amagulitsidwa m'sitolo, n'kuyamba kufukula makina achilendo a m'zaka za m'ma 1800, amene enieniwo anatha kalekale. Chotsala chinali chithunzi chimodzi m'magazini yakale ya mainjiniya, kapena zojambula zimene mwini nzeru anapereka ku boma polembetsa luso lake.

Apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa. Zojambula zoterezi zimaonetsa ganizo la munthu, sizionetsa makina onse. Zimakuuza kuti gudumu ili limazungulitsa ilo, koma sizinena kuti mtanda wake wagwidwa ndi chiyani, mafuta alowera pati, kapena mmisiri akafuna kumasula nati ya kuseri alowetsa bwanji sipanala. Zonsezo wopanga kainjini ayenera kuzipeza yekha, ndipo sangazipeze ndi nzeru za lero. Ayenera kudzifunsa kuti mmisiri wa mu 1860, ndi zitsulo za nthawi yake ndi zipangizo za nthawi yake, akanachita bwanji pamenepa. Ukaikapo njira yamakono, kainjini kayenda ndithu, koma kakhala kabodza. Choncho miyezi yambiri inkathera pa kuwerenga ndi kujambula, chitsulo chisanakhudzidwe n'komwe.

Taonani injini yaulimi ya Blackburn. Mwini wake anaganiza zoika boyila ndi injini m'kati mwa chigudumu chachikulu chonga mgolo, kuti kulemera kumwazike ndipo makina asatitimire m'munda wofewa. Papepala n'zosangalatsa. Koma wopanga ayenera kupachika zonsezo m'kati mwa chinthu chozungulira, zisakhulane, nthunzi ifike kumene ikufunika, mano a magiya alumane bwino pamalo pamene chala sichingalowe. Inanso ndi injini ya Nathaniel Grew ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, yopangidwa kuti izikayenda pamadzi oundana ku Russia: kutsogolo inali ndi zitsulo zotsetsereka m'malo mwa magudumu, kumbuyo magudumu a misomali yoluma ayezi. Makina otere mbiri inawataya m'mbali mwa njira, ndipo anthu ambiri lero amawaonera pa tating'ono ta Mayi Hill.

Kwathu kuno mwana wopanga galimoto ya mawaya amadziwa kale chinsinsi chimodzi cha ntchitoyi, chakuti chiwongolero chiyenera kukhotetsadi magudumu, apo ayi anzake amuseka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chitsulo ulibe mwayi wopindanso. Ukasema mopitirira, chapita chapita.

Makina aakulu pa ntchitoyi ndi lathe. Chitsulo chimamangidwa pa chuck n'kumazungulira, mpeni wake uli chilili, ndipo mmisiri amausendeza pang'onopang'ono ndi kachogwirira kokhala ndi timizere ta muyezo. Pisitoni yoti ilowe mu silinda imafuna kuleza mtima kwa mtundu wina. Umameta pang'ono, kuimitsa makina, kuyeza ndi micrometer, kumetanso. Ukayandikira muyezo umadikira kuti chitsulo chizizire, chifukwa chikatentha chimafufuma, ndipo chimene wayeza chili chofunda chikhoza kudzakhala chokhwepa mawa m'mawa. Pisitoni yabwino imatsetsereka mu silinda ndi kamafuta pang'ono, ndipo ukatseka kabowo ka kumapeto ndi chala umamva mpweya ukukankha. Khutu nalo limagwira ntchito: mpeni wakuthwa woikidwa pamsinkhu woyenera umalira mofatsa, koma ukayamba kulira mokuwa ndiye kuti chitsulo chikunjenjemera ndipo nkhope yake ituluka ya mizeremizere.

Ena amaona ngati nkhani ya chitetezo ndi mutu wina, wolembedwa pa chikwangwani cha pakhoma. Kwa ine ndi luso lomwelo. Kainjini n'kakang'ono, koma lathe yosemera si chidole, ndipo mota yake sisiyanitsa chitsulo ndi mkono wa malaya. Ndiye mmisiri amapinda malaya, amavula mphete, amamanga tsitsi, ndipo magolovesi, amene pa ntchito zina amateteza, pano amawaika patali chifukwa akakodwa amakoka dzanja lonse. Kiyi womangira chuck sachoka m'dzanja ali chilowere pabowo pake. Ukamusiya pomwepo n'kuyatsa makina, amauluka molunjika pachifuwa kapena kumaso. Zometeka za chitsulo zimatuluka zopotanapotana, zokongola, zina zobiriwira ndi kutentha, koma zimacheka ngati lumo, ndipo amazichotsa ndi burashi makina ataima. Mkuwa wachikasu uli ndi khalidwe lakelake: umalavula tizidutswa tosongoka tolunjika m'maso, komanso umakonda kukoka chobowolera mwadzidzidzi chikamatulukira kuseri, n'chifukwa chake odziwa amayamba afafaniza pang'ono kuthwa kwa m'mphepete mwa chobowoleracho ndi kumanga chitsulo zolimba. Munthu amene amaimitsa makina kuti ayeze ndi yemweyo amene amaimitsa kuti asese. Dzanja lopupuluma limawononga pisitoni lisanawononge chala, ndipo kawirikawiri limawononga zonse ziwiri.

Boyila ndiye sachita nayo masewera. Chitsulo uchichepetse mmene ungathere, nthunzi siichepa ukali. M'makalabu a ku Britain boyila yatsopano ya mkuwa imayesedwa kaye ndi madzi ozizira, opopedwa mpaka mphamvu yake ifike kawiri pa imene izidzagwirira ntchito. Amasankha madzi chifukwa sapanikizika: msoko ukalephera, amangodontha. Nthunzi kapena mpweya wopanikizidwa zikapeza msoko womwewo zimaphulika. Ngakhale chomatira cha siliva cholumikizira mkuwawo chili ndi mbiri yake, pakuti chakale chinkakhala ndi cadmium, amene utsi wake ndi poizoni, mpaka maiko a European Union anachiletsa mu 2011. Mainjini a Mayi Hill ankayendetsedwa ndi mpweya wopanikizidwa powayesa, ndipo wokonda fungo la malasha akhoza kudandaula pamenepo. Ine sindidandaula. Moto ndi mwaye zikanadya m'masana amodzi ntchito ya zaka.

Kainjini kakatha kulumikizidwa n'kuyenda, ntchito sinathe. Kamamasulidwanso konse, chidutswa ndi chidutswa, kuti kapakidwe penti. Penti nayo ili ndi vuto la muyezo: yonenepa bwino pa thirakitala yeniyeni, pa kainjini ka 1:16 ingakwirire mitu ya timisomali ndi kudzaza ngodya zonse. Iyenera kukhala yopyapyala kwambiri, ndipo timizere tokongoletsa tiyenera kuwongoka ngakhale kwa woyang'ana ndi galasi lokuzira. Kenako zonse zibwerere m'malo mwake popanda sipanala kukanda paliponse. Zidutswa zambiri zimene zinadya masabata zimatsekeredwa m'kati pa tsiku limeneli, ndipo palibe adzazionenso pokhapokha atamasula.

Oweruza a zionetsero analiona luso limeneli. Mayi Hill anapata chikho cha Duke of Edinburgh, chimene opanga mainjini aang'ono ku Britain amachilemekeza koposa, maulendo 9, ndipo mu 2000 analandira ulemu wa MBE. David Carpenter analemba buku lonena za ntchito yawo, lotchedwa Cherry's Model Engines. Mainjini awo ambiri anawapereka ku bungwe la Institution of Mechanical Engineers, limene likulu lake lili mumzinda wa London, bungwe la akatswiri opanga makina enieni akuluakulu.