Za Kugumula Nyumba za Aumphawi ku Glasgow

Owerenga athu ambiri adziwa kuti mzinda wa Blantyre unatenga dzina lace kwa mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira Dr. David Livingstone m'caka ca 1813. Koma si onse adziwa kuti nyumba anabadwiramoyo inali ya cipinda cimodzi, m'mene banja lonse linali kuphika, kudya ndi kugona. Mudziwo uli pafupi ndi mzinda waukuru wa Glasgow. Ndipo pakutha pa nkhondo yaikuru m'caka ca 1945, mabanja ambirimbiri a mumzindamo anali cikhalire m'zipinda zotere.

Masiku amenewo anthu a m'Glasgow anaposa 1,000,000, ndipo pafupifupi theka la nyumba zao linali la cipinda cimodzi kapena ziwiri. Ku dera la Gorbals mabanja angapo analimbirana cimbudzi cimodzi, ndipo anyamata ndi atsikana osinkhuka anagona m'cipinda ca makolo ao, popeza kumeneko kulibe mphala kapena gowero. Nthenda ya cifuwa cacikuru inawanda kotero kuti m'caka ca 1957 asing'anga anaunika m'zifuwa anthu oposa 700,000 pa masabata asanu okha. Tsono sitiwatsutsa akuru a mzinda pakuti anagumula. Nyumba zambiri zinayeneradi kugwa.

Cimene titsutsa ndico macitidwe ace. M'caka ca 1945 Robert Bruce, mmisiri wamkuru wa mzinda, analangiza kuti agwetse pakati pa mzinda ndi kumanganso mommo. Caka cotsatira Patrick Abercrombie anati ai, anthu ambiri asamukire ku midzi yatsopano kunja. Anzeru awa anawerenga bwino zipinda ndi miseu, koma mau a eni ace osamukawo sanamveke kwenikweni. Ambiri anawatengera ku Castlemilk, Drumchapel ndi Easterhouse, m'malire a mzinda. Inde, amai anakondwera kupeza madzi ndi posambira m'nyumba mwao, ndipo cimwemwe cimeneco sitingacipeputse. Koma pa zaka zoyamba masitolo ndi posonkhanira zinali zosowa, nchito inali kutali, ndipo ndalama zinathera paulendo. Coposa izi, agogo anapita kwina, mnansi amene anathandiza pa cikuta ndi pa maliro anapitanso kwina. Munthu anapeza nyumba, nataya mudzi.

Enanso anawakweza m'nyumba zosanjikiza. Ku Gorbals komweko Basil Spence, mmisiri womveka, anakonza nyumba za misanjiko 20, zimene zinatha m'caka ca 1965. Cinyontho cinalowa m'makoma, makina okweza anthu anafa kawirikawiri, ndipo mai wokhala pamwamba sanathe kuyang'anira mwana wace wosewera pabwalo. M'caka ca 1993 anaziphwanya, zisanakwane ngakhale zaka 30. Zina za ku Red Road, zotalika koposa, anatsiriza kuzigwetsa m'caka ca 2015.

Koma taonani cina. M'mwezi wa January 1968 namondwe anasasula madenga a nyumba zakale zamiyala zimene zinatsala. Pozikonza, anthu anazindikira kuti makoma ace ngolimba. Ku Govan okhalamo anapangana bungwe lao, naika zimbudzi ndi posambira m'nyumba zakalezo, iwo osacoka pa malo pao. Njira iyi inafala, ndipo zambiri za nyumba zotere ziri ciimire lero lino, pamene zatsopano zija zinasanduka pfumbi.

Makolo athu posamutsa mudzi anayamba akhala pabwalo, napangana kuti mbumba imange moyandikana. Pakuti anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Ana athu ambiri akhala tsopano m'matauni mopanikizana, ndipo tsiku lidzafika lakuti akuru adzafune kukonzamo. Pamenepo tikumbuke za Glasgow: wofuna kuthandiza waumphawi ayambe wamfunsa mwini waceyo, ndipo pomsamutsa asamlekanitse ndi anansi ace.