Pamene Chitsulo Chiyenera Kulekezera

Wosema cameo sagwira utoto. Amatenga mwala wa sardonyx kapena chigoba cha nkhono ya m'nyanja, chimene mwachibadwa chili ndi mitundu yosanjikizana, woyera pamwamba, wofiirira kapena wakuda pansi. Amapala zoyerazo mpaka patatsala nkhope yokha yotumphuka, ndipo mtundu wapansi uja umakhala ngati khoma kumbuyo kwake. Akazamitsa chitsulo pang'ono chabe, tsaya la nkhopeyo limabooka n'kuda, ndipo palibenso chobwezera. Luso lonse lagona pa kudziwa polekezera.

Osonkhanitsa zokongoletsera zakalezi amakonda kuyamba ndi funso la zaka: kodi n'chaliti? Ine ndimaona kuti funso limeneli limawaphimba maso.

Cha m'ma 1812, Mngelezi wina wodziwika pa zinthu zamakedzana, Richard Payne Knight, anagula kachidutswa ka cameo ka mutu wa Flora kwa wamalonda Angelo Bonelli, n'kumakatama kuti ndi ntchito ya Agiriki akale. Kenaka mu 1815 ku London kunafika mnyamata wa ku Rome, Benedetto Pistrucci, yemwe atakaona anati: ndinasema ndine. Knight anakana kwamtuwagalu. Koma kukongola kumene anakuona m'mwalamo kunalidi momwemo, sanalote. Chimene chinamupweteka n'chakuti dzanja la wosemayo linali lidakali moyo. Pistrucci yemweyo ndiye anajambula St George akulasa chinjoka pa ndalama yagolide ya sovereign ya 1817.

Akale enieniwo ankachita chiyani? Cameo yotchedwa Gemma Augustea, imene ili ku Vienna, ili ndi mitundu iwiri yokha, koma wosema wake anapepuza zoyera m'malo ena mpaka zakuda zapansi zikumaonekera ngati mthunzi, choncho nsalu ikuoneka yopyapyala ndipo mnofu uli ndi thupi. Grand Camée de France ya ku Paris, yotalika masentimita 31, ili ndi magawo asanu, ndipo woisema anagawira tsitsi, zovala ndi khungu mtundu wakewake. Mwala ndiwo unkalamula. Mzere woyera ukakhota, naye ankakhotetsa mutu wa munthu wake.

Zimene munthu wamba angagule lero zambiri n'za chigoba, za m'zaka za m'ma 1800. Napoleon anazikonda mpaka anaziika pa chisoti chachifumu cha 1804, Mfumukazi Victoria naye ankazivala, ndipo alendo opita ku Italy ankafuna kubwerako ndi kena kake ka pachifuwa. Chigoba n'chofewa kusiyana ndi mwala, chimasemeka msanga, motero tauni ya Torre del Greco, m'munsi mwa phiri la Vesuvius, inasanduka likulu la ntchitoyi. Mpaka pano kumeneko amamata kachidutswa ka chigoba ndi phula kumapeto kwa kamtengo, n'kumasema ndi kachitsulo kotchedwa bulino. Chigoba chofiirira chimene amachikonda, Cypraecassis rufa, chimachokera kuno kwathu kum'mawa, m'gombe la Mozambique ndi Madagascar. Chinacho, Cassis madagascariensis, dzina lake limanama: kwawo ndi ku nyanja ya Caribbean.

Kuchuluka kwa ogula kunabweretsa ulesi. Taonani nkhope zambirimbiri za akazi oyang'ana kudzanja lamanja, tsitsi lokandidwa mizere itatu, khosi ngati mpini wa khasu, duwa lopachikidwa paphewa kuti libise malo amene wosema analephera. Zimenezi n'zakaledi, zina zili mu golide weniweni, koma n'zakufa. Yerekezani ndi ntchito ya Tommaso Saulini wa ku Rome ndi mwana wake Luigi, amene ankasaina maina awo. Chikope chili ndi m'mphepete mwake, khutu lili ndi mkati, ndipo pamene tsaya likutsikira kukhosi zoyera zimachepa pang'onopang'ono mpaka kufiira kukutulukira ngati magazi pansi pa khungu.

Njira zodziwira zaka zilipo ndipo sindikuzinyoza. Kumbuyo kwa chigoba kumakhala kolowa ngati supuni, pamene pulasitiki nthawi zambiri imakhala yafulati. Pini yakale imatalika kupitirira m'mphepete, ndipo imakolekedwa pa kangowe kopindika kopanda loko. Mphuno yowongoka imaloza nthawi ya Victoria kapena m'mbuyo mwake. Kamphuno koloza kumwamba n'ka m'ma 1900. Mukachikweza pa kuwala mumaona ming'alu, chifukwa chigoba chimauma n'kumang'ambika. Zonsezi zimathandiza pokambirana mtengo.

Koma luso limaonekera pa dzanja, osati pa zaka. Makina a ultrasonic, amene afala ku Idar-Oberstein ku Germany, amatulutsa nkhope zosalakwika pa mwala wa agate wonyikidwa mu utoto, zofanana ngati mabisiketi. Pansi pa galasi lokulitsa zinthu, khungu lake limaoneka la timibulu tosalala paliponse mofanana. Cha pamanja chimaonetsa njira ya chitsulo: apa chinathamanga, apa chinazengereza pozungulira mlomo, apo chinakumana ndi kabanga m'chigoba, wosemayo n'kukasandutsa mfundo ya tsitsi.